Kukwera pa siteji ndi bandi ya jazz yachikale: momwe mungachitire kuti adzakuitaneninso

Alipo ambiri oliza lipenga, clarinet kapena trombone omwe kunyumba amaimba mokoma, manotsi amawerenga bwinobwino, koma tsiku lomwe bandi ya jazz yachikale yawakodola kuti aimbe nawo nyimbo ziwiri, zonse zimabalalika. Wina amayamba pa kiyi yolakwika. Wina amapitiriza kuliza pomwe anzake onse aima dala. Wina amaimba bwino ndithu, koma akatsika eni bandi amangomugwira chanza mwaulemu, osadzamuitananso, iye n'kumadabwa kuti adalakwa chiyani.

Chowagwetsa n'chimodzi: amabwera atakonzekera solo, pomwe munthu amaimba yekha anzake akumuperekeza. Koma jazz iyi, yomwe kwawo ndi ku New Orleans ku America, kukoma kwake kuli pomwe zida zitatu zakutsogolo, lipenga, clarinet ndi trombone, zikulira pamodzi, chilichonse m'njira yake, popanda pepala, osapondana. Solo ndi kachigawo chabe. Malangizowa ndi a munthu woti chida akuchidziwa kale, chatsala ndi kudziwa poima.

## Zofunika kukhala nazo

- Chida chanu, mutachiyang'ana dzulo lake, osati pakhomo polowera.
- Wa lipenga: mafuta a mavavu ndi mute yotsekera kukamwa kwa lipenga. Yomwe imagwira ntchito kwambiri pa jazz iyi ndi ya labala ija yotsegulira sinki ikatsekeka, mutaichotsa mtengo wake.
- Wa trombone: mafuta a slide ndi kabotolo kopopera madzi.
- Wa clarinet kapena saxophone: timabango tapakamwa tosachepera 3 tomwe mudatiyesa kale. Kongotuluka kumene m'bokosi kakhoza kukuchititsani manyazi.
- Wa banjo kapena gitala: mawaya apadera ndi mapiki angapo.
- Wa ng'oma: timitengo tanu ndi mabulashi basi. Ng'oma mukagwiritsa ntchito za mwini malo.
- Chochunira, ngakhale cha pa foni, chitaikidwa pa A 440.
- Kapepala kolowa m'thumba komwe mwalembapo nyimbo zomwe mukuzidziwa pamtima ndi makiyi ake.
- Ndalama pang'ono zoponya m'chitini cha bandi ndi zogulira chakumwa.

Choikapo mapepala a nyimbo ndi chibuku cha manotsi muzisiye kunyumba. Maso anu adzafunika kwina.

## 1. Dziwani kaye jazz ya m'deralo

Mawu oti jazz yachikale amabisa zambiri. Dera lililonse lili ndi kaimbidwe kake, ndipo eni ake amakateteza kwambiri.

Ku New Orleans gulu lonse limaimba pamodzi nthawi yaitali, liwiro limakhala lodekha loti munthu n'kuyenda nalo kapena kuvina, ndipo nyimbo za m'tchalitchi ndi za pa perete zimalowa nawo. Kaimbidwe ka ku Chicago, komwe kadakula m'zaka za m'ma 1920 ndipo kenako Eddie Condon ndi anzake adakapititsa ku New York, kamapereka mpata waukulu kwa solo, kamathamangirapo, ndipo saxophone imalandiridwa. Ku San Francisco, kuyambira pa bandi ya Lu Watters cha m'ma 1940 mpaka ya Turk Murphy, amakonda banjo ndi tuba, kugunda kolemera kawiri pa bar iliyonse (bar ndi kagulu ka kugunda kunayi), ndi nyimbo zakale za zigawo zambiri zomwe muyenera kuzidziwa ndendende. Ku Britain, komwe amangoitcha trad, mabandi otsatira Ken Colyer ndi Chris Barber adazolowera kuimba ndi banjo ndi bass ya mawaya popanda piyano.

Kusiyanaku si kwa m'mabuku chabe. Mukafika ndi tenor saxophone m'bandi yotsatira kaimbidwe ka San Francisco, mwina sakulolani n'komwe kukwera, pomwe saxophone yomweyo m'bandi ya kaimbidwe ka Chicago aikondwerera.

Dziwaninso kuti si malo onse omwe mlendo amakwerapo. Preservation Hall, mu St. Peter Street ku French Quarter, dera lakale la New Orleans, yomwe idatsegulidwa mu 1961, ndi malo okamvera: mumagula tikiti, mumakhala pa benchi, mumatchera khutu. Mpata woimba nawo umapezeka m'malo ang'onoang'ono a zakumwa ngati a mu Frenchmen Street, ndiponso pa zikondwerero, makamaka usiku mapulogalamu akatha. Chikondwerero cha Dixieland (dzina lina la jazz yachikale) cha ku Dresden ku Germany ndi cha jazz cha ku Breda ku Netherlands, zonse ziwiri zidayamba mu 1971, zimasonkhanitsa oimba ochokera m'mayiko ambiri. Australian Jazz Convention, yomwe idayamba mu 1946 ndipo imachitika kumapeto kwa Disembala, idapangidwira oimba eni ake kuti azisakanikirana.

Chenjezo: Musaganize kuti popeza chikwangwani chalemba jazz ndiye kuti ndi imeneyi. Pa malo pomwe amaimba bebop, jazz yothamanga ya pambuyo pake, malamulo ndi ena, nyimbonso ndi zina.

## 2. Pitani kukamvera kawiri, chida chili kunyumba

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Khalani pafupi ndi siteji, pomwe mukuona manja ndi mapazi a oimba, ndipo mulembe: nyimbo zomwe aimba, makiyi ngati khutu lanu likugwira, amene amayambitsa nyimbo, amene amasankha woimba solo, ndi momwe amamalizira. Onaninso momwe amalandirira alendo ena. Kodi amawaitana chigawo chachiwiri kapena chomaliza? Nyimbo zingati? Pali pepala lolembetsapo mayina kapena mtsogoleri amangoloza?

Muzindikirenso mtsogoleri weniweni. Nthawi zambiri ndi wa lipenga, koma osati nthawi zonse. Amene anzake amamuyang'ana nyimbo ikamatha kuzungulira kamodzi ndi yemweyo.

Nthawi yopuma apatseni moni, muwauze chomwe chakusangalatsani mochitchula, muponye kanthu m'chitini. Za chida chanu musazitchule tsiku loyamba pokhapokha akufunseni.

## 3. Phunzirani nyimbo pamtima, kuyambira pa mafupa ake

Oimba jazz akati chorus sakunena kolasi ya kwaya. Akunena kuzungulira nyimbo kamodzi, kuyambira pa bar yoyamba mpaka yomaliza. Bar ndi kugunda kunayi. Zonse pa siteji zimawerengedwa motero, ndiye woyamba kusochera ndi amene sadziwa kutalika kwa chorus.

Mitundu yomwe mukumane nayo ndi iyi.

Blues ya ma bar 12. Pa kiyi ya B♭: ma bar 4 pa B♭, 2 pa E♭, 2 pa B♭, 2 pa F7, 2 pa B♭. Muidziwe pa B♭, pa F ndi pa E♭ mpaka muziiimba mukucheza ndi munthu.

Nyimbo ya ma bar 32. Ina imakhala ndi zigawo zinayi za ma bar 8, chachitatu chosiyana ndi zinzake. Ina imagawika pakati, 16 ndi 16, theka lachiwiri n'kuyamba ngati loyamba koma n'kuthera kwina. Pa mtundu wachiwiriwu pali mndandanda umodzi wa ma chord womwe ndi chuma. Pa kiyi ya F umayenda chonchi: F kuyambira bar 1 mpaka 6, C7 kuyambira 7 mpaka 14, F pa 15 mpaka 20, F7 pa 21 ndi 22, B♭ pa 23 mpaka 25, B diminished pa 26, kenako F, D7, G7, C7 bar imodziimodzi, n'kuthera pa F. Umenewu ndi wa nyimbo ya Bill Bailey, koma ndi womwewonso wa Bourbon Street Parade ndi wa chigawo chomaliza cha Tiger Rag, kungoti ziwirizi kawirikawiri zimaimbidwa pa A♭. Mwaphunzira umodzi, mwatola nyimbo zitatu.

Nyimbo ya zigawo zambiri. Apa ndi pogwera alendo. Nyimbozi zidatengera za perete ndi ragtime, nyimbo zakale za piyano: chigawo choyamba, chachiwiri, kenako chachitatu chomwe chimasamukira ku kiyi ina, kawirikawiri yowonjezera flat imodzi. Royal Garden Blues imayamba pa F n'kusamukira pa B♭. Tiger Rag imayamba pa B♭, imapita pa E♭, n'kukathera pa A♭. Ma solo amaimbidwa pa chigawo chomalizacho. Mtsogoleri akatchula kiyi, akutchula yoyambira, ndipo sadzakukumbutsani za kusamukako.

Yambani ndi nyimbo 10 zochokera pa zomwe mudalemba pokamvera paja, osati zomwe inu mumazikonda. Pa iliyonse dziwani chuni, ma chord, ndi mawu ake ngati ilipo nawo, chifukwa amene akuimba mawu chamumtima sasochera. Phunzirirani pa zojambulidwa, osati pa pepala lokha. Zomwe King Oliver adajambula ndi bandi yake ya Creole Jazz Band mu 1923 zimamveka mokalipa m'makutu a lero, koma mukazimvera kangapo mudzayamba kumva momwe zida zikupatsirana njira.

Chenjezo: Nyimbo zina zili ndi solo yomwe aliyense amaiyembekezera monga idaimbidwira kale. Wa clarinet akavomera High Society, anthu akudikira solo ya Alphonse Picou. Wa trombone pa Tin Roof Blues akudikiridwa ndi ya George Brunies. Ngati simudaiphunzire, nenani kuti asankhe ina.

## 4. Konzani nkhani ya makiyi musanachoke kunyumba

Pa siteji kiyi imatchulidwa monga ilili pa piyano. Trombone, tuba, banjo ndi bass alibe vuto. Koma lipenga, clarinet, soprano ndi tenor saxophone ndi zida za B♭, ndiye inu mumakwera sitepe imodzi yathunthu: akati B♭ inu ndi C, akati F inu ndi G, akati E♭ inu ndi F, akati A♭ inu ndi B♭. Wa alto saxophone, chida cha E♭: B♭ ndi G, F ndi D, E♭ ndi C, A♭ ndi F.

Izi zikhale m'zala, osati zowerengera pa siteji, chifukwa pakati pa kutchula kiyi ndi kuyamba nyimbo pamadutsa masekondi ochepa. Ndipo inu mukamatchula kiyi, tchulani ya piyano. Wa lipenga akanena kuti C akutanthauza yake, theka la bandi liyamba pa C yeniyeni, iye ali pa B♭, ndipo phokoso lake silifunika kulifotokoza.

## 5. Dziwani ntchito ya chida chanu gulu likamaimba pamodzi

Ili ndiye phata la nkhani yonse, ndipo ndi lomwe eni bandi akumvera pomwe inu mukuganiza za solo.

Lipenga limanyamula chuni. Liimbe momveka, mosapotoza kwambiri, kuti wongolowa kumene pakhomo aizindikire nyimboyo. Chofunika kwambiri ndi mipata. Mzere wa chuni ukatha, pumani. Mipata imeneyo si yanu, ndi chakudya cha clarinet ndi trombone. Wa lipenga wodzaza bar iliyonse amasowetsa anzake awiri ntchito.

Clarinet imayenda pamwamba pa lipenga, ikuluka manotsi ofulumira ochokera mu chord. Lipenga likamayenda, inu gwirani noti yaitali kapena yendani pang'ono. Lipenga likaima, ndi nthawi yanu yothamanga. Pewani kugwera pa noti yomwe lipenga lili, makamaka pothera mzere. Iye akathera pa F mu kiyi ya F, inu khalani pa A pamwamba pake. Ndipo musatsikire m'munsi gulu lonse likulira, simudzamveka. Mawu okoma a pansi aja muwasungire solo kapena chorus yachete.

Trombone ili pansi, pakati pa chuni ndi bass. Ntchito yake ndi kulozera komwe chord ikupita. Chord ikamasintha, trombone imatsetsereka n'kukafika pa noti yatsopano pa kugunda koyamba, ngati munthu wotsegulira anzake chitseko. Kaimbidweka amakatcha tailgate chifukwa kale mabandi ankayenda pa ngolo m'misewu ya New Orleans polengeza dansi, ndipo wa trombone ankakhala kumbuyo kwenikweni kuti slide yake isabaye anzake. Manotsi ochepa, onenepa, oikidwa pamalo pake. Trombone yothamanga ngati clarinet imasiya dzenje pansi pa nyimbo.

Banjo kapena gitala ikhwatche kanayi pa bar, mofanana, mosakongoletsa. Zimaoneka zonyozeka, koma bandi yonse yatsamira pamenepo.

Tuba kapena bass imayamba ndi kugunda kuwiri pa bar, pa 1 ndi pa 3. Kuyenda kanayi kumasungidwira ma solo ena kapena chorus yomaliza pomwe moto wakwera. Mukayamba ndi kanayi, mulibenso kokwerera.

Ng'oma za jazz iyi zimakhala pa snare, kang'oma kokhala ndi timawaya pansi pake, ndi kukunkhuniza kwa timitengo kotchedwa press roll monga ankachitira Baby Dodds, kuwonjezerapo kathabwa ndi kabelu. Ku New Orleans amatsindika kugunda kwachinayi kwa bar yachiwiri iliyonse, ndipo ndi komwe kumapangitsa anthu kugwedezeka. Chimbale chachitsulo chosalekeza cha jazz ya pambuyo pake chimaphimba clarinet.

Nanga mukakwera n'kupeza chida ngati chanu chilipo kale? Apa funsani, safunsa adadya phula. Malipenga awiri saimba chuni onse. Mwini malo atsogole, inu muimbe mawu achiwiri pansi pake motsitsa, kapena mugawane ma chorus. Ma clarinet awiri oluka nthawi imodzi amamveka ngati mbalame zolimbirana chisa. Gwirani manotsi aatali, mnzanuyo aluke, kenako musinthane. Wa saxophone m'bandi yomwe ili kale ndi zida zitatu kutsogolo achepetse kwambiri, chifukwa mawu ake amagwera pakati penipeni pa lipenga ndi trombone.

## 6. Pemphani kwa mtsogoleri, nthawi yopuma

Osati nyimbo ili m'kati, osati kudzera mwa wa ng'oma yemwe mudacheza naye sabata yatha, ndipo chida chikhale m'bokosi lake. Munthu woima pafupi ndi siteji lipenga lili m'manja, akuliza mavavu, akukakamiza, ndipo bandi imaona.

Nenani dzina lanu, chida chanu, ndi kuti mwakhala mukubwera kudzamvera. Funsani ngati amalandira alendo. Akafunsa zomwe mumadziwa, tchulani nyimbo zitatu ndi makiyi ake kuchokera pa kapepala kaja. Kuyankha kuti chilichonse n'kudziika pa msampha, chifukwa akhoza kutchula ya zigawo zinayi yomwe simudaimvepo.

Akakana, thokozani, khalani mpaka kumapeto. Mwina usikuwo mwini malo walipira bandi yokhayo, mwina alendo achuluka kale. Momwe mwalandirira kukanidwa amakukumbukira.

Chenjezo: Musapemphe When the Saints Go Marching In. Oimba ambiri adatopa nayo chifukwa chopemphedwa usiku uliwonse, moti chikwangwani cha mitengo ya zopempha cha ku Preservation Hall chidaiikira mtengo wokwera kuposa nyimbo zina zonse. Muidziwe, pa F, koma aitchule okha.

## 7. Mukakwera: chunani, imani pabwino, penyani

Tenthetsani chida panja kapena kuseri musanaitanidwe. Chida chopemerera chikazizira chimatsika mawu, chikatentha chimakwera, ndiye kuchuna chozizira n'kutaya nthawi. Pa siteji tengani noti imodzi kwa wa piyano kapena wa banjo, mwachidule. Ngati piyano ya pamalopo ndi yotsika pang'ono, tsatirani piyanoyo, osati foni yanu.

Imani kumapeto kwa mzere wakutsogolo, pomwe mukuona nkhope ya mtsogoleri, osatchinga wa ng'oma, komanso kutali ndi njira ya slide. Maikolofoni ngati ilipo musaisunthe. Mabandi ambiri a mtunduwu amaimba popanda zokuzira mawu, ndipo muyeso wake ndi uwu: ngati simukumva clarinet, mwakweza kwambiri.

Mtsogoleri amayambitsa nyimbo pomenya phazi pansi kapena powerenga. Kumenyako ndiye liwiro, ndipo mulibe mwayi wina wolimva. Kuchokera apo zonse zimayenda ndi zizindikiro:

- Zala zoloza pansi ndi ma flat: chimodzi F, ziwiri B♭, zitatu E♭, zinayi A♭. Zoloza m'mwamba ndi ma sharp. Madera ena amatembenuza, choncho muonetsetse pomwe mukumvera paja.
- Kukulozani ndi chida kapena kukugwedezerani mutu: solo yotsatira ndi yanu.
- Kuzunguza chala: pitirizani, chorus ina.
- Zala zinayi ma solo ali m'kati: kupatsirana ma bar anayianayi, kawirikawiri ndi wa ng'oma.
- Kudzigwira pamutu: tibwerere ku chuni.
- Chibakera m'mwamba, kapena kukweza mwendo monga amachitira achikulire ambiri: iyi ndi chorus yomaliza.

N'chifukwa chake pepala ndi mdani. Woyang'ana pansi, ngakhale wotsinzina chifukwa nyimbo yamukoma, zonsezi zimamudutsa.

## 8. Break ndi solo

Break ndi pomwe bandi yonse imamenya kugunda koyamba n'kukhala chete ma bar awiri, munthu mmodzi n'kudzaza yekha. Pa nyimbo za ma bar 32 zogawika pakati imakonda kugwera pa bar 15 ndi 16. Ine tsiku langa loyamba ndidali nditatsinzina, ndikusangalala ndi zomwe zala zanga zikuchita, ndipo ndidangomva kuti zii, kwatsala clarinet yanga yokha pamwamba pa break ya wa trombone. Mkuluyo sadanene kanthu. Adangotsitsa chida chake n'kundiyang'ana mpaka chorus idatha. Mukamayandikira bar 15, kwezani maso. Ngati break si yanu, imani. Ngati ndi yanu, werengani kugunda 8 chamumtima osathamanga, chifukwa anzanu abwerera pa nthawi yake, kaya inu mwafika kaya ayi.

Solo ikhale chorus imodzi pa nyimbo ya ma bar 32, ziwiri pa blues, pokhapokha mtsogoleri azunguze chala. Yambirani pafupi ndi chuni n'kumachikongoletsa pang'onopang'ono. Kuthamanga ndi manotsi a bebop pamwamba pa banjo kumamveka ngati munthu wayankha funso lomwe sadafunsidwe. Pothera, tsitsani chida n'kuyang'ana wotsatira kuti aone kuti mwamaliza.

Mukasochera musaime ndi nkhope ya mantha. Gwirani noti imodzi yaitali, mverani bass ndi banjo, dikirani poyambira chigawo chotsatira. Anzanu akamaimba solo, khalani chete. Ngati akutsogolo ayamba kuikira kumbuyo timawu tobwerezabwereza, lowani nawo motsitsa mukatimvetsa. Musayambitse inu.

## 9. Kumaliza

Ma solo akatha gulu lonse limabwerera, kawirikawiri ma chorus awiri: yoyamba yachete, yachiwiri yamoto. Mlendo wosadziwa amathira mphamvu zonse pa yoyamba n'kuononga kukwerako.

Mathero ali pamitundu ingapo, ndipo bandi iliyonse ili ndi chizolowezi chake. Ena amadula pa kugunda kwachitatu kwa bar yomaliza, kwatha. Ena amawonjezera ma bar awiri. Ena amapatsa wa ng'oma ma bar anayi, kenako onse n'kubwereza ma bar anayi omaliza. Apa ndi pomwe zolemba zanu za pokamvera zimakupulumutsani. Ngati simukudziwa chomwe chikubwera, siyani kuliza ma bar awiri nyimbo isanathe, chida chili pakamwa, maso pa mtsogoleri. Palibe amene amamva noti yomwe simudaimbe, koma noti imodzi yotsalira anzanu ataima imamveka mpaka kukhomo.

## 10. Tsikani musanauzidwe

Nyimbo ziwiri zikatha, thokozani mtsogoleri, gwedezerani mutu a kumbuyo omwe akunyamulani, n'kuyamba kutsika. Akafuna mukhale adzakuitanani. Wa ng'oma abwezere mpando ndi zimbale momwe adazipezera. Khalani mumvere chigawo chotsalacho, ndipo za m'chitini ndi za bandi, mlendo sagawirako.

## Zolakwika zomwe zimabwerezedwa

Kuvomera nyimbo yomwe simukuidziwa. Mawu oti "imeneyo sindiidziwa, ndipume kaye" salakwira munthu. Oimba amalemekeza wonena choncho kuposa wongolowa n'kumafufuza manotsi pamaso pa anthu.

Kuiwala vesi. Nyimbo zambiri zakale zili ndi vesi yomwe imaimbidwa kamodzi, mwina poyamba, mwina pakati. Mabuku ambiri a manotsi adaisiya, koma mabandi a jazz yachikale amaikonda. Mukamva ma chord achilendo mwadzidzidzi, mwina simudasochere, ndi vesi. Khalani chete mpaka chorus ibwerere.

Kuliza pamwamba pa woimba pakamwa. Mawu akamaimbidwa, chida chimodzi chokha ndicho chimayankha m'mipata, motsitsa, ndipo mtsogoleri ndiye amasankha. Woimbayo akhozanso kusintha kiyi kuti igwirizane ndi mawu ake, ndiye penyani zala.

Kuthamangitsa liwiro. Mantha amakoka munthu kutsogolo. Zimaoneka kwambiri pa break ndi pa chorus yomaliza, pomwe kukweza mawu kumasokonezedwa ndi kufulumira. Tsamirani pa banjo.

Kuwomba m'manja pa 1 ndi 3. Mukakhala pansi kapena mukudikira solo yanu, manja ndi zala zigwere pa 2 ndi 4. Wa ng'oma amaona, ndipo amayamba kukukayikirani musanalize n'komwe.

Kuyeserera pa siteji pakati pa nyimbo. Mtsogoleri akulankhula ndi anthu kapena akuuza bandi kiyi, inu muli piriripiriri kufufuza chuni cha nyimbo yotsatira. Kuwonjezera pa phokosolo, mwaululira anthu nyimbo isanayambe.

Kubwera ndi anzanu atatu a zida. Adaitana inu. Zida zisanu ndi ziwiri kutsogolo sizingalukane, zimangopanga chiphokoso, ndipo bandi ikaona mabokosi anayi akulowa pakhomo imayamba kufupikitsa nthawi ya alendo.

Kumwa kuti mantha achoke. Botolo limodzi lowonjezera limachotsa mantha pamodzi ndi kuwerenga ma bar. Imwani mukatsika.

Kujambula osapempha. Kuimika foni patsogolo pa siteji kuti mudzaike pa intaneti solo yanu kumafuna chilolezo cha bandi, chifukwa nkhope ndi ntchito zomwe zikujambulidwazo ndi zawo. Ngati cholinga n'kuphunzira, pemphani kujambula mawu okha, foni ili m'thumba la malaya, ndipo pokamvera kunyumba musathamangire pa solo. Mverani ma chorus a gulu lonse, muwerenge kuti ndi kangati pomwe inu ndi lipenga mudagwera pa noti imodzi.